Ndalama za makalabu a mpira ndi malamulo oletsa kumwaza chuma: mafunso ndi mayankho

Wotsata mpira wa ku Ulaya masiku ano amamva za maloya ndi mabuku a ndalama pafupifupi mofanana ndi za zigoli. Timu ipambana Loweruka, pofika Lolemba mukumva kuti yalandidwa mapointi, kapena kuti ikugulitsa mnyamata amene inamulera yokha. Maganizo anga sindibisa. Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama apulumutsa makalabu ambiri kuti asafe, koma momwe anawalembera, amasiya wolemera pamwamba ndi wosauka pansi.

Kodi kalabu imazipeza kuti ndalama zake?

Njira zikuluzikulu ndi zitatu. Pali za pageti, zomwe ndi matikiti ndi zonse zogulitsidwa m'sitediyamu pa tsiku la masewero. Pali zochokera ku makampani a kanema ogula ufulu woonetsa masewero, pamodzi ndi mphoto za mipikisano. Kenaka pali za malonda: kampani yolembedwa pachifuwa pa jezi, kampani yosoka jeziyo, ndi yogula dzina la sitediyamu. Kugulitsa osewera kumabwera pamwamba pa zitatuzi, ndipo kwa makalabu ngati Benfica, Ajax ndi Brighton ndiwo mpamba weniweni.

Ndalama zake si zamasewera. Premier League inagulitsa ufulu woonetsa masewero ake m'dziko la Britain mokha pa mapaundi 6.7 biliyoni kwa zaka zinayi kuyambira 2025. Real Madrid inakhala kalabu yoyamba kudutsa mayuro 1 biliyoni pa sizoni imodzi, ya 2023/24.

Ndi ndalama zonsezo, kalabu imagwa bwanji m'ngongole?

Chifukwa mu mpira, ndalama iliyonse yolowa imathamangira ku malipiro a osewera. Timu yolipira kwambiri ndiyo kawirikawiri imamaliza pamwamba, ndiye mwini kalabu aliyense amafuna kulipira kuposa mnzake. Amabwereka lero podalira ndalama za Champions League za chaka chamawa. Timu ikalephera kufikako, kapena ikatuluka mu ligi, ndalama zolowa zimatsika nthawi yomweyo pamene makontrakiti a osewera akadali ndi zaka zitatu kapena zinayi.

Leeds United inafika m'ndime ya matimu anayi ya Champions League mu 2001. Mu 2004 inatuluka mu Premier League, ndipo pofika 2007 inali itatsikira mu ligi yachitatu. Portsmouth inatenga chikho cha FA mu 2008, koma mu February 2010 inalephera kubweza ngongole ndipo inalandidwa mapointi 9. Rangers ya ku Glasgow inagwa mu 2012 n'kukayambiranso mu ligi yachinayi. Parma inagwa mu 2015. Bury, kalabu ya zaka zoposa 130, inachotsedwa mu ligi mu 2019. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kalabu ikagwa, mwini wake nthawi zambiri amangonyamula zake n'kupita. Olira ndi ochapa mayunifolomu, osamalira kapinga, timakampani tating'ono tomwe sitinalipidwe, ndi masapota omwe agogo awo ankachemerera timu yomweyo. Pa mndandanda wa amene Portsmouth inali nawo ngongole panali ngakhale bungwe lopereka chithandizo choyamba la St John Ambulance. Aliyense wonyoza malamulowa ayambe wakumbukira anthu amenewa.

Nanga Financial Fair Play n'chiyani kwenikweni?

Ndi malamulo amene UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inavomereza mu 2009, nthawi ya utsogoleri wa Michel Platini, okhudza makalabu osewera mipikisano yake. Anali ndi mitu iwiri. Woyamba, kalabu isakhale ndi ngongole zopitirira nthawi kwa osewera ake, kwa makalabu anzake kapena ku msonkho. Wachiwiri, isawononge zochuluka kuposa zomwe imapeza. Poyamba ankalola kuti kalabu iluze mpaka mayuro 45 miliyoni ngati mwini wake atseka dzenjelo ndi ndalama zake, kenaka malirewo anatsika kufika pa 30 miliyoni pa zaka zitatu. Ndalama zomangira sitediyamu ndi zolerera osewera achichepere sankaziwerengera, kuti pasapezeke kalabu yosiya kumanga poopa chilango.

Málaga inaletsedwa kusewera mipikisano ya UEFA chifukwa cha ngongole zosalipira. Mu 2014 Manchester City ndi Paris Saint-Germain aliyense anapatsidwa chindapusa cha mayuro 60 miliyoni, ngakhale gawo lalikulu linali longoopseza, komanso anauzidwa kulembetsa osewera 21 okha mu Champions League. Galatasaray inaletsedwa mu 2016, ndipo AC Milan sinasewere Europa League ya 2019/20.

Kodi lamulo la ku England ndi lomweli?

Ayi, Premier League inakhazikitsa lake mu 2013, lodziwika ndi dzina lakuti PSR. Kalabu sinkaloledwa kuluza zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo 90 miliyoni mwa ndalamazo ankayenera kutsimikizira ndi eni ake. Chiwerengerochi chinakhala chomwecho kwa zaka zoposa khumi, pamene mitengo ya osewera ndi malipiro awo zinkakwera chaka ndi chaka. Motero malire omwe mu 2013 ankaoneka otakasuka anadzasanduka chingwe cha pakhosi kwa makalabu apakatikati.

N'chifukwa chiyani Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi msanga, pamene nkhani ya Manchester City inatenga zaka?

Funso ili ndilo limawawa masapota kuposa lina lililonse. Everton inadutsa malire ndi mapaundi 19.5 miliyoni. Mu November 2023 inalandidwa mapointi 10, itachita apilo anatsika kufika pa 6, kenaka mu April 2024 inalandidwanso ena 2 pa mlandu wachiwiri. Forest inalandidwa 4 mu March 2024. Malire ake anali mapaundi 61 miliyoni okha, chifukwa zaka ziwiri mwa zitatuzo inali mu ligi yachiwiri komwe malire ndi otsika. Inadziteteza ponena kuti inadikira dala mpaka pa 1 September 2023 kuti igulitse Brennan Johnson ku Tottenham pa mtengo wabwino wa mapaundi 47.5 miliyoni, koma mabuku a chakacho anali atatsekedwa kale pa 30 June. Apa lamulo linalanga kalabu chifukwa chokana kugulitsa motchipa, ndipo ine sindiona chilungamo pamenepo.

Milandu iwiriyi inali yosavuta, chifukwa makalabuwo anapereka okha mabuku oonetsa kuti adutsa malire. Wa City ndi wa mtundu wina. Mu February 2023 Premier League inaiimba milandu 115, yambiri yokhudza zaka za 2009 mpaka 2018, ndipo phata lake n'lakuti mabukuwo sankanena zoona. Kalabuyo inakana milandu yonse, ndipo nkhaniyo inamvedwa ku London kuyambira September mpaka December 2024. Kutsimikiza kuti munthu ananama kumafuna umboni wochuluka kuposa kungowerenga zomwe walemba yekha.

UEFA inayesapo kale. Magazini ya ku Germany ya Der Spiegel itatulutsa makalata achinsinsi a kalabuyo mu 2018, UEFA inaletsa City kusewera mipikisano yake kwa zaka ziwiri mu February 2020. Mu July chaka chomwecho khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne linachotsa chiletsocho, ponena kuti milandu ina inalibe umboni wokwanira ndipo ina inali itapitirira zaka zisanu zomwe malamulo a UEFA amalola. Chindapusa chinatsika kuchoka pa mayuro 30 miliyoni kufika pa 10 miliyoni, cha kusagwirizana ndi ofufuza. Kusiyana kwa milanduyi kuli ndi zifukwa zake zomveka, koma sapota wa Everton akanena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, sindingamutsutse. Kalabu yotha kulemba maloya okwera mtengo imagula nthawi, ndipo mu ligi nthawi ndi mapointi.

Chelsea inagula osewera ambirimbiri itangogulidwa mu 2022. Inazemba bwanji lamulo?

Chinsinsi chili m'kalembedwe ka mabuku. Kalabu ikagula wosewera, mtengo wake saulemba wonse chaka chimodzi, amaugawa pa zaka za kontrakiti. Wogulidwa pa 80 miliyoni n'kusaina zaka zisanu amaoneka m'mabuku ngati 16 miliyoni pachaka. Akasaina zaka zisanu ndi zitatu, amaoneka ngati 10 miliyoni. Chelsea inagwiritsa ntchito mpata umenewu. Mu January 2023 Mykhailo Mudryk ndi Enzo Fernández anasaina makontrakiti a zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Chaka chomwecho UEFA, kenaka Premier League, anatseka mpatawo polamula kuti mtengo usagawidwe pa zaka zoposa zisanu.

Chelsea inagulitsanso mahotela ake awiri ku kampani ina ya eni ake omwewo pa mapaundi 76.5 miliyoni, kenaka timu yake ya amayi pa ndalama pafupifupi 200 miliyoni. Malamulo a Premier League a nthawiyo ankalola, koma UEFA siwerengera malonda otero ngati ndalama zolowa, ndipo mu July 2025 inalipiritsa Chelsea mayuro 31 miliyoni.

Bwanji makalabu akugulitsa ana omwe anawalera okha?

Tibwerere kwa wosewera wa 80 miliyoni uja. Pakatha zaka ziwiri, m'mabuku mwatsala 48 miliyoni. Akagulitsidwa pa 50 miliyoni, phindu lolembedwa ndi 2 miliyoni basi. Koma mnyamata wokulira pa kalabu sanagulidwe, m'mabuku alibe mtengo. Akagulitsidwa pa 50 miliyoni, yonseyo ndi phindu, ndipo imalembedwa chaka chomwecho. Kalabu yomwe madzi afika m'khosi imayang'ana kaye kwa ana ake.

Chelsea inagulitsa Mason Mount ku Manchester United mu 2023 ndi Conor Gallagher ku Atlético Madrid mu 2024. Kumapeto kwa June 2024, mabuku atatsala pang'ono kutsekedwa, Newcastle inagulitsa Elliot Anderson, mwana wa m'dera lomwelo, ku Nottingham Forest pa mapaundi pafupifupi 35 miliyoni, ndi Yankuba Minteh ku Brighton asanaiseweretse ndi kamodzi komwe. Chaka chotsatira Anderson anali akusewerera timu ya dziko la England. M'masiku omwewo Aston Villa ndi Everton anagulitsana Tim Iroegbunam ndi Lewis Dobbin, aliyense n'kulemba phindu lake.

Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Lamulo lomwe linkafuna kuti makalabu azilera osewera lasandutsa anawo kukhala katundu wotsekera mabowo a m'mabuku. Sapota amakonda mnyamata amene anamuona akukula, ndipo ndi yemweyo amene amayamba kuchotsedwa.

Kodi Messi anachokadi ku Barcelona chifukwa cha malamulo oterewa?

Inde. La Liga, ligi ya ku Spain, ili ndi njira yake kuyambira 2013, ndipo imasiyana ndi ya ku England chifukwa siyembekeza kuti kalabu ilakwe kaye. Sizoni isanayambe, ligi imawerenga zomwe kalabu ikuyembekeza kupeza ndi ngongole zake, n'kuiuza malire a zomwe ingawonongere osewera. Ikadutsa, wosewera watsopano salembetsedwa. Mu August 2021 Barcelona ndi Messi anali atagwirizana, iye atavomera kudula malipiro ake, koma kontrakitiyo sinakwane m'malirewo ndipo anapita ku Paris Saint-Germain. Mwezi womwewo pulezidenti wa Barcelona, Joan Laporta, ananena kuti ngongole ya kalabuyo inali mayuro 1.35 biliyoni. Mu 2022 Barcelona inagulitsa gawo la 25 pa 100 la ndalama zake za kanema za La Liga kwa zaka 25 ku kampani ya Sixth Street kuti ipeze zogulira osewera. Kumeneko ndi kudya mbewu.

Ndiye malamulowa athandizapo chiyani?

Pa zomwe anawapangira, athandiza. Malinga ndi UEFA, makalabu a m'maligi akuluakulu a ku Ulaya onse pamodzi analuza mayuro 1.7 biliyoni mu 2011, koma mu 2017 anapeza phindu loposa 600 miliyoni. Ngongole zosalipira kwa osewera ndi kwa makalabu anzawo zinatsika kwambiri. Kukwera kwa ndalama za kanema kunathandizira, koma popanda lamulo ndalamazo zikanathera m'malipiro monga kale. Mliri wa Covid-19 unadzabwezanso zinthu m'mbuyo.

Nanga mpikisano? Kodi zoona kuti anatsekera khomo makalabu ang'onoang'ono?

Tione momwe makalabu ankakwerera kale. Jack Walker anathira chuma chake mu Blackburn Rovers ndipo inatenga ligi mu 1995. Roman Abramovich anagula Chelsea mu 2003, ndipo mu 2005 inatenga ligi koyamba patatha zaka 50. Manchester City inagulidwa ndi a ku Abu Dhabi mu 2008, Paris Saint-Germain ndi a ku Qatar mu 2011. Onsewa anayamba ndi kuluza ndalama zambiri kwa zaka zingapo. Anagula osewera, anapambana, kupambanako kunabweretsa Champions League, makampani ndi masapota a m'mayiko akutali, ndipo ndalama zolowa zinakula mpaka kufanana ndi zotuluka. Munthu angaikonde njirayi kapena kuida, koma pa zaka 30 zapitazi ndi imene yalowetsa mayina atsopano pakati pa akuluakulu n'kuwasiya komweko.

Lamulo likati wononga molingana ndi zomwe umapeza, njira imeneyi imatsekeka. Kuti upeze zambiri uyenera kupambana, kuti upambane uyenera kulipira osewera abwino, ndipo kuti uwalipire uyenera kukhala ukupeza kale zambiri. Newcastle inagulidwa ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia mu October 2021, eni ake olemera kuposa a kalabu iliyonse, inamaliza yachinayi mu 2023, koma mu 2024 inali ikugulitsa ana kuti mabuku akwane. Aston Villa inamaliza yachinayi mu 2024, ndipo m'malo mowonjezera mphamvu pokonzekera Champions League, inayamba ndi kugulitsa Douglas Luiz ku Juventus. Amene anawoloka mtsinje mlatho udakalipo ndi amene akupindula ndi kugumulidwa kwake.

Komabe tisasenzetse lamulo katundu yense. Bayern Munich inatenga ligi ya Germany zaka 11 zotsatizana, 2013 mpaka 2023, Juventus ya Italy zaka 9, 2012 mpaka 2020. Gwero la ulamuliro wotere ndi ndalama za Champions League, zomwe zimapita kwa makalabu omwewo chaka ndi chaka, ndi malonda a padziko lonse omwe amatsata mayina otchuka kale. Kusiyanaku kunalipo malamulo asanabwere. Chomwe malamulo anachita ndi kukuumitsa. Leicester City ya 2016 ndi Bayer Leverkusen ya 2024, zomwe zinatenga maligi awo mosayembekezereka, zikuonetsa kuti mpira sunafe, koma taonani kuti N'Golo Kanté anachoka ku Leicester kupita ku Chelsea chikho chitangolandiridwa.

Pansi pa ligi zinthu n'zowawa kwambiri. Matimu atatu omwe anakwera mu Premier League mu 2023 onse anatuluka mu 2024, ndipo atatu omwe anakwera mu 2024 onse anatuluka mu 2025. Wokwera kumene akapanda kugula amatuluka, akagula kwambiri amalandidwa mapointi ngati Forest.

Ndalama ndi zake. Bwanji amuletse mwini kalabu kuzimwaza?

Pali zifukwa ziwiri zomveka. Mpondamatiki amatopa, amafa, kapena chuma chake chimaundana, koma makontrakiti omwe anasaina amatsalira kalabu. Chelsea yeniyeniyo inalawa zimenezi mu March 2022 pamene boma la Britain linatseka chuma cha Abramovich, kalabu n'kuletsedwa ngakhale kugulitsa matikiti atsopano. Chachiwiri, mmodzi akamwaza, mitengo imakwerera onse. Paris Saint-Germain italipira mayuro 222 miliyoni kugula Neymar mu 2017, msika wonse unasintha.

Chifukwa choyambacho chili ndi mankhwala ena: mwini azipereka ndalamazo ngati mphatso osati ngongole, ndipo azisungitsa pambali zokwanira kulipira makontrakiti onse omwe wasaina. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti malamulowa amalimbana ndi mwini wothira ndalama, osati wozichotsa. Banja la Glazer linagula Manchester United mu 2005 ndi ndalama zobwereka, ngongoleyo n'kuisenzetsa kalabu yomwe inalibe ngongole yotero, ndipo kalabuyo yakhala ikulipira chiwongoladzanja zaka zonsezi.

Bwanji osangoika malire ofanana kwa onse monga ku America?

Ligi ya NFL, ya mpira wa ku America wogwira ndi manja, inakhazikitsa malire amodzi a malipiro kwa matimu onse mu 1994. Zimatheka chifukwa ndi ligi yotseka, palibe timu yotuluka, ndalama za kanema amagawana mofanana, malirewo amagwirizana ndi bungwe la osewera, ndipo palibe ligi ina yowalanda osewerawo. Mpira wa ku Ulaya uli m'mayiko ambiri, misonkho yosiyana, maligi opikisana. England itaika malire yokha, osewera angopita ku Spain kapena ku Saudi Arabia. Ligi yotseka inayesedwa mu April 2021, pamene makalabu 12 analengeza Super League, ndipo masapota anaigwetsa pasanathe masiku atatu.

Malamulo atsopano asintha chiyani?

Mu 2022 UEFA inabweretsa muyeso wina. Malipiro a osewera ndi aphunzitsi, mitengo yogulira osewera ndi zolipira maejenti zisapitirire gawo loikika la ndalama zolowa: 90 pa 100 mu 2023/24, 80 chaka chotsatira, ndi 70 kuyambira 2025/26. Mu November 2025 makalabu a Premier League anavomereza muyeso wofanana nawo, wa 85 pa 100, kuti ulowe m'malo mwa PSR kuyambira 2026/27.

Ubwino wake ndi wakuti umayang'ana pa chinthu chenicheni chomwe chimapha makalabu, ndipo kalabu imadziwa msanga pomwe yaima. Koma werengani nokha. Pa 70 pa 100, kalabu yopeza 800 miliyoni iloledwa kuwonongera osewera 560 miliyoni, yopeza 200 miliyoni iloledwa 140 miliyoni. Onse atsata lamulo, onse alowa m'bwalo limodzi, wina ndi mphamvu kanayi kuposa mnzake.

Pa msonkhano womwewo wa November 2025 panali ganizo lina lomwe likanakhudza kusiyanaku mwachindunji: kuti pasakhale kalabu yowonongera osewera zoposa kasanu ndalama zomwe kalabu yomaliza imalandira kuchokera ku ligi. Malire a wamkulu akanamangiriridwa ku thumba la wamng'ono, ndipo wamkulu wofuna kuwononga zambiri akanayenera kufuna kuti wamng'onoyo alandire zambiri. Manchester City, Manchester United ndi bungwe la osewera la PFA anatsutsa, ndipo makalabu analikana ganizolo.